Bango ndi vetiva zisefe madzi musanathirire dimba

Alimi anzanga amene mumathirira dimba ndi madzi a mtsinje wodutsa m'tauni, monga Mudi ku Blantyre, musamakhulupirire maso okha. Madzi amaoneka oyera koma atasenza mtovu, kadimiyamu kapena kromiyamu zochokera m'mafakitale, m'magalaja ndi m'mabatire otayidwa. Zitsulozi sizinunkha. Kuwiritsa kumapha tizilombo basi, mtovu umatsala momwemo. Ndiye mpiru ndi chainizi zimayamwa poizoniyu n'kukamutula m'mbale ya mwana.

Pali zomera za m'madzi zomwe zimachepetsa vutoli. Kazuleni namasupuni mmodzi muone kunsi kwake: mizu yakuda, yanyankhalala ngati ndevu. Madzi akamadutsa pang'onopang'ono, zitsulo zimakanirira pamizupo, zina n'kulowa m'kati. Bango, gumbwa ndi udzu wa vetiva, womwe uja timadzala m'migula, zimagwiranso ntchito yomweyi.

Kumbani maiwe awiri pakati pa mtsinje ndi dimba, pansi pake mutsendere dongo kuti madzi asalowerere. Loyamba ndi longodekhetsa madzi kuti matope akhale pansi, pakuti zitsulo zambiri zimayenda zitamatirira kumatope. Lachiwiri likhale lalitali koma losazama. Muthiremo miyala ing'onoing'ono ndi mchenga, n'kudzalamo bango kapena vetiva mothithikana. Madzi azilowera mbali ino n'kutulukira mbali inayo. Musawathamangitse. Odutsa ngati akuthawa ngongole amatuluka mmene analowera.

Za namasupuni ndichenjeze. Kwawo ndi ku South America, ndipo kuno tonse tikudziwa mmene amatsekera Shire ku Liwonde n'kusokoneza makina amagetsi ku Nkula. Pa masabata awiri okha amatha kuchuluka kawiri. Ngati kwanuko kulibe, chonde musamutengereko.

Tsono apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Chomera sichiwononga chitsulo, chimangochisunga. Chikafera m'dziwemo n'kuwola, zonse zomwe chinayamwa zimabwerera m'madzi. Muzidula nthawi ndi nthawi, ndipo zokalamba muzizula ndi mizu yomwe, chifukwa ndi m'mizu momwe mumadzaza zambiri. Zomwe mwachotsazo musapatse nkhumba, mbuzi kapena akalulu, ngakhale zikuoneka zanthete bwanji. Musapangire kompositi, musaphimbire mbewu. Kutentha nakonso sikuthandiza: chitsulo chimatsala m'phulusa, china n'kupita ndi utsi womwe mupume nokha. Ziumitseni, muzikwirire m'dzenje lomata dongo, pamalo okwera, kutali ndi chitsime ndi munda. Matope a m'dziwe loyamba aja apitenso komweko.

Madzi otuluka m'maiwewa ndi a mbewu, si akumwa kapena ophikira. Ndipo ngati kumtunda kuli mgodi kapena fakitale yotaya zoipa zambiri, maiwe awiri sangakwanitse. Pitani ku ofesi ya zamadzi kapena ya zachilengedwe kuboma kwanu akayeze madziwo musanafese nazale.