Mmene mungakulitsire luso lanu pothandiza anthu ovutika ndi mowa ndi chamba, osasiyako wina panja

Ngati ntchito yanu ndi yothandiza anthu amene mowa, chamba kapena mankhwala ena ozunguza bongo awasokoneza, kaya ndinu namwino, HSA, wopereka uphungu ku bungwe, olo wongodzipereka ku tchalitchi kaya ku mzikiti, mukudziwa kale amene amadzaza benchi yanu: anyamata ndi azibambo, ambiri mwa iwo atachita kukokedwa ndi mayi awo kapena akazi awo. Nanga mayi uja womwa kachasu mobisa kuseri kwa nyumba ali kuti? Nanga mnyamata wa ulumali wosamva uja amene amaledzera tsiku ndi tsiku pa sitolo? Vuto alinalo koma kwathu safika, ndipo maphunziro amene ambirife tinachita sanatikonzekeretse kuwalandira. Boma linaletsa masacheti, mu 2017 linakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa, koma midoli ili mbwee ndipo sisankha womwa. Nazi njira zoti mudzisule nokha osadikira kuti wina akuitaneni ku wekishopu ku Mponela.

1. Tsegulani kaundula muone amene mulibe

Musanayambe kusakasaka mawekishopu tengani buku lomwe mumalembamo anthu, mubwerere miyezi sikisi m'mbuyo, muwerenge. Amuna angati, akazi angati, osakwana zaka 18 angati, aulumali angati, ochokera kutali angati, komanso amene anabwera kamodzi basi osaonekanso ndi otani. Ngati bukulo lilibe malo olembapo za ulumali kapena chinenero, tengani rula mujambule mzere muonjezere nokha. Tiyerekeze mwapeza kuti mwa anthu 60 akazi ndi atatu ndipo waulumali palibe olo mmodzi, musanene kuti kuno amayi samwa ayi, zikungosonyeza kuti pakhomo panu pali china chake chikuwabweza. Zimene zatuluka pamenepo ndiye silabasi yanu ya chaka chino.

2. Kaphunzireni kwa eni ake

Sankhani gulu limodzi kaye, zonse nthawi imodzi simungathe. Ngati ndi anthu aulumali, mabungwe awo alipo ndipo ambiri ali ndi mamembala m'maboma: FEDOMA imene imasonkhanitsa mabungwe a anthu aulumali, MANAD ya anthu osamva, Malawi Union of the Blind, APAM ya anthu achialubino, MeHUCA ya anthu amene anadwalapo matenda a maganizo ndi owasamalira, komanso MACODA yomwe kale timaidziwa kuti MACOHA, inasintha dzina ndi lamulo latsopano la anthu aulumali la 2024. Aitaneni abwere adzakhale nanu ola limodzi, muwafunse kuti chimawalepheretsa kubwera nchiyani, ndipo chonde apatseni ya thiransipoti, musawayese oti azingothandiza ulele.

Zimene mudzamve zina nzazing'ono koma ndi zomwe zimabweza munthu. Wosamva nthawi zambiri amabwera ndi m'bale wake woti amumasulire, nde taganizani, angaulule bwanji kuti amamwa chifukwa cha nkhanza za pakhomo pamene womasulirayo ndi wa pakhomo pomwepo? Funani womasulira chinenero chamanja wapadera, mumuuze za chinsinsi asanayambe, ndipo polankhula muziyang'ana mwini nkhani osati womasulirayo. Phunziraniko nokha zizindikiro zochepa, moni, mowa, kupweteka, mawa, zimamasula munthu. Musathamangire kulemberana papepala poganiza kuti aliyense wosamva amawerenga bwino Chichewa, ambiri sukulu inawalephera chifukwa panalibe mphunzitsi wodziwa chinenero chawo. Wosaona muwerengereni fomu yonse mokweza asanadinde chala, uthenga womukumbutsa tsiku muzimutumizira wa mawu osati wolemba. Wachialubino musamuimike pamzere padzuwa, zolemba zikhale za zilembo zikuluzikulu poti ambiri maso amawavuta, ndipo gulu lokumana madzulo ndithu kunja kukuda kwa iye ndi nkhani ya chitetezo. Wa pa wilitcheya, ngati chipinda chanu chili ndi masitepe samukani inuyo, osamunyamula ngati thumba la chimanga anthu akuonerera.

3. Amayi muwatsatire komwe ali kale

Apa ndichedwepo pang'ono chifukwa ndi pamene timalephera kwambiri. Bambo akaledzera anthu amati ndi mowa basi, mayi akaledzera nkhani imafika kwa ankhoswe, ku mpingo, mwinanso kulandidwa ana ndi akuchimuna, nde sangabwere kudzakhala pa benchi imodzi ndi azibambo a m'mudzi mwake momwemo n'kunena kuti ndimamwa. Ena ndi omwe amatcheza kachasuyo, amalawa pophika, pang'onopang'ono chibaba chinawagwira ndipo simungangowauza kuti talikiranani ndi mowa pamene fizi ya ana ikuchokera pa m'phika womwewo. Ena ndi amayi oyendayenda amene ntchito yawo ili m'mabala ndipo kasitomala ndi amene amagula mowawo.

Chochita nchakuti pitani ku sikelo ya amayi oyembekezera ndi ya ana, kambiranani ndi anamwino kuti funso la mowa lizifunsidwa kwa aliyense, osati kwa yekhayo amene akununkha, kuti pasakhale wolozedwa chala. Dziwani bwino mfundo yake: mayi akakhala woyembekezera palibe mlingo wa mowa womwe tinganene kuti ndi wabwinobwino, mowa umadutsa kukafika kwa mwana n'kuononga kakulidwe ka ubongo. Koma mukanena moopseza sabweranso olo kusikeloko. Yambitsani gulu la amayi okhaokha, pa nthawi yoti abwerako kumunda kapena kumsika, mulole abwere ndi ana kumbuyo. Ndipo phunzirani kufunsa za nkhanza ali yekha, mwamuna atatuluka, mukudziwa kale kolozera: Victim Support Unit ku polisi, One Stop Centre komwe ilipo, kapena nambala yaulere ya 5600.

4. Zida zanu muzizidziwa, kenako muzipinde zigwirizane ndi munthu

AUDIT ndi mafunso 10 a bungwe la WHO oyezera kamwedwe, mapointi amayambira 0 mpaka 40 ndipo kuyambira 8 kupita m'mwamba ndiye kuti kamwedweko kayamba kukhala koopsa. Imapezeka ulele pa intaneti. Vuto lake imawerengera mowa pa mlingo wa magalamu 10, pamene munthu wanu amamwa chipanda cha masese, paketi ya Chibuku kapena velemoti ya kachasu amene ukali wake umasiyana malinga ndi wotcheza. Khalani ndi mabotolo opanda kanthu mu ofesi, munthu azingoloza kuti ndimamaliza ili kangati, izi zimathandizanso osamva, osadziwa kuwerenga ndi amene mutu umagwira pang'onopang'ono. Kwa amayi ndi okalamba muzikumbukira kuti mowa wochepa womwewo umawapweteka msanga.

Chachiwiri ndi kalankhulidwe kaja kotchedwa motivational interviewing komwe anayambitsa William Miller mu 1983 n'kudzakakulitsa ndi Stephen Rollnick. Mwachidule, inu mumafunsa ndi kumvetsera, zifukwa zosiyira azitchule yekha mwini wake. Ife tinazolowera kulangiza ngati ku chinamwali, munthu amangoti eya eya kenako osabweranso. Mawu oti chidakwa, wachamba, wamisala asatuluke pakamwa panu olo m'faelo.

Chachitatu, ichi nchokhudza moyo. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku lililonse akasiya mwadzidzidzi, pakatha maola 6 mpaka 24 amayamba kunjenjemera, thukuta, kusowa tulo, ena amagwa ngati akhunyu, ndipo pofika tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amasokonekera mutu n'kumaona zinthu zoti palibe, zimenezi zimapha. Si matsire ayi, ameneyo ndi wa kuchipatala lero lomwe. Kwa munthu wosalankhula, wakhunyu kapena amene anadwalapo misala anthu amangoti ndi mmene alili, nde inuyo ndi amene muyenera kuzizindikira. Amene ali pa ma ARV kapena mankhwala a TB musamuuze kuti asiye kaye mankhwala poti akumwa mowa, lumikizanani ndi a kliniki yake.

5. Chipembedzo ndi chinenero

Magulu athu ambiri timatsegula ndi pemphero ndi korasi, palibe cholakwika, koma Msilamu wa ku Mangochi kapena ku Machinga amene kungobwera kokha wachita kudzikakamiza poti kwawo mowa ndi haramu, amaona ngati walowa mu mpingo wa eni. Sinthanani otsegulira kapena funsani gulu. M'rasta mukayamba ndi kumuuza kuti chamba ndi chausatana mwamutaya, yambani ndi chimene chamubweretsa, kaya ndi chifuwa kaya kusagona. Osuta ambiri amaopanso kuti muwapereka ku polisi poti lamulo la 2020 linangolola chamba cha mafakitale ndi cha mankhwala, chosuta ncholetsedwabe, nde tsiku loyamba fotokozani poyera kuti chinsinsi chanu chimalekeza pati. Ngati muli kufupi ndi Dzaleka ku Dowa mufunika womasulira Chiswahili, Kirundi kapena Kinyarwanda, ndipo gogo wa ku Rumphi zakukhosi amazinena bwino m'Chitumbuka.

6. Tsopano ndiye sakani maphunziro a satifiketi

Ndaika izi kumapeto dala, chifukwa tikayamba nazo timangotsata komwe kuli alawansi, pakutha pa chaka mafaelo a wekishopu ali tho koma kalandiridwe ka anthu ndi komweko. Mukadziwa chomwe mukusowa mumasankha bwino. Sukulu ya St John of God ku Mzuzu imaphunzitsa za uphungu ndi za umoyo wa maganizo, ndipo a St John of God ali ndi thandizo la anthu ovutika ndi mowa ndi mankhwala ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, pemphani kuti mukaonerere mmene amagwirira. Chimodzimodzi ku chipatala cha a maganizo ku Zomba kapena kwa wa zamaganizo wa pa chipatala cha boma lanu. Pa intaneti, WHO ili ndi maphunziro aulere a QualityRights okhudza ufulu wa anthu a matenda a maganizo ndi aulumali, buku lawo la mhGAP lili ndi mutu wonse wa mowa ndi mankhwala, ndipo ku ISSUP, bungwe la padziko lonse la ogwira ntchito yothandiza pa nkhani za mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, mumalembetsa ulele n'kupeza maphunziro a Universal Treatment Curriculum. Bandulo ikavuta sonkhanani anayi pa foni imodzi. Anamwino ndi makilinisha sungani umboni, zina zimatha kulowa pa mapointi a CPD, aja osonyeza kuti mukupitiriza kuphunzira pa ntchito, funsani ku khonsolo yanu.

7. Muziunikana mwezi ndi mwezi

Pezani anzanu awiri kapena atatu ndi mmodzi wodziwa kuposa inu, kamodzi pamwezi mukambirane nkhani imodzi yovuta osatchula dzina kapena mudzi, muchite kasewero wina akhale mwana wa zaka 15 wogwidwa ndi chamba kusukulu, wina wongotuluka kumene ku ndende ya Maula, wina mayi wosamva. Muike munthu amene anasiya mowa pa gulupo, amaona zimene ife sitiona. Zithunzi za anthu ndi mafomu awo asalowe pa gulupu ya WhatsApp olo mutati nkufuna nzeru. Nkhani ya mwana ikakukulirani pali nambala yaulere ya 116 ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, ikakhala ya mankhwala ozunguza bongo a YONECO ali ndi nambala ya 6600.

Pakatha miyezi itatu werenganinso kaundula, kenako muimbire amene anabwera kamodzi aja muwafunse chinawabweza nchiyani, ndipo mulembe mayankhowo momwe anenera osawakonza. Koma mugwirizane nawo tsiku loyamba lomwelo kuti tikakusowani tikupezeni bwanji, chifukwa foni zambiri nzapabanja, akayankha wina musatchule komwe mukuimbira, ingonenani dzina lanu loyamba kuti muimbanso nthawi ina.