Njinga yamoto yatsopano: zomwe ndimachita ndekha isanakwane makilomita 1,000

Njinga yanga yoyamba ndinaipha ndekha. Ndinaigula nditagulitsa mbatata ya kachewere, ndipo tsiku lachitatu lomwe ndinaimangirira matumba awiri kuchoka kuno ku Bembeke kupita ku Lizulu, mapulasitiki a pampando ndisanachotse n'komwe. Oilo ndinadzasintha mita ikuwerenga makilomita pafupifupi 3,000, poganiza kuti chinthu chatsopano sichingafune sevisi. Chaka chisanathe inayamba kufuka utsi wabuluu ndi kumwa oilo. Malume anga, omwe akhala pa chigayo cha dizilo zaka zambiri, anangoimvetsera ikulira n'kunena kuti, "Mphwanga, iyi unaikalambitsa ikadali khanda."

Yachiwiriyi ndi ya 150cc, injini yake ya mtundu wa CG, womwe uli pa njinga zambiri za kabaza. Zomwe ndikuuzeni ndi zomwe ndinachita pa imeneyi. Koma ngati yanu munagula kwa dila amene anakupatsani waranti ndi masevisi aulere, pitani komweko, chifukwa mukaimasula nokha akhoza kudzakukanirani ikavuta. Ndikulankhula ndi enafe amene timagula kutsidya ku Ulongwe wa ku Mozambique kapena m'mashopu wamba, oti tikangotuluka nayo pakhomo zonse zatsala m'manja mwathu. Buku lake musataye. Likasiyana ndi manambala angawa, mverani bukulo.

Tsiku loyamba lomwelo, musanapite kukaionetsa kwa apongozi, tengani masipanala a 8, 10, 12, 14, 17 ndi 19 muizungulire yonse. Njingazi zimabwera m'makatoni, ndipo amene anailumikiza mwina anali ndi zina zisanu zomudikira. Yesani manati a maekiselo onse awiri, mabawuti ogwira chiwongolero, ogwira injini ku fulemu, a mashoko, a kaliyala, a zopondera ndi manati awiri a ekizozi. Simukukunga mwaukali ayi, mukungofuna yomwe ili lende. Masipoko agogodeni limodzi limodzi ndi sipanala: lokungika bwino limalira "ngwee", lomasuka limangoti "phu". Mubwerezenso pakatha sabata, chifukwa misewu yathu yafumbi imamasula mabawuti kuposa makaniko aliyense.

Tsono nkhani yaikulu ndi oilo. Injini yatsopano imakhala ikudziperesa yokha: maring'i akukhuzana ndi silinda, mano a magiya akuzolowerana, mapuleti a kilatchi akusiya fumbi lawo. Zonsezi zimagwera mu oilo mmodzi yemweyo, chifukwa pa njinga zotere injini, magiya ndi kilatchi zimasambira limodzi. Ndipo mulibe fyuluta yapepala ngati ya galimoto. Muli kasefa kawaya ndi kena kozungulira kamkati basi. Mabuku ambiri amati oilo woyamba atuluke pa makilomita 500. Ine, poopa zakale zija, ndinakhetsa pa 300, kenako pa 1,000, ndipo kuyambira pamenepo sindipitirira 2,000.

Lizani injini mphindi zisanu kuti oilo asungunuke, makamaka kuno komwe m'mawa amakhala ngati uchi. Zimitsani, imikani njinga pa sitandi yapakati pamalo osapendekeka, ndipo tchereni pansi chigubu cha malita asanu chodula m'mbali. Tsegulani kachivindikiro kothirira oilo, kenako bawuti ya 17 yomwe ili kunsi kwa injini. Kumanzere, cha m'munsi mwa chosinthira magiya, kuli chitsekero chomasula ndi sipanala ya 24. Kuseri kwake kuli sipuling'i ndi kasefa kaja, ndipo ambiri sakadziwa n'komwe. Pochimasula chikankhireni mkati ndi chala, apo ayi sipuling'iyo idumphira mu oilo wotentha monga inandichitira ine, mpaka ndinaivuula ndi kamtengo. Tsukani kasefako mu palafini. Pobwezera kumbukirani ndondomeko yake: kasefa kaye, sipuling'i, kenako chitsekero ndi kamphira kake. Chitsekerochi n'cha aluminiyamu, n'chofewa. Gwiritsani sipanala yogwira mutu wonse, yambani ndi zala, ndipo chikangogwira mungowonjeza pang'ono. Bawuti ya 17 ija chimodzimodzi, ndi washa yake. Mukaidyetsa mazinga, ndalama yokonzera iposa ya oilo kangapo.

Musanataye oilo wakaleyo, mutulutseni padzuwa, mupendeketse chigubu. Muona tinthu tonyezimira ngati mchenga wa mu Linthipe. Ine nditaona koyamba mtima unagunda, ndinathamangira kwa malume ndi chigubu m'manja. Iwo anaviika chala, n'kufikisa, n'kuseka: "Uwu ndi ufa chabe. Ukadzapeza zoti ungazitole ndi zala ngati mpunga, pamenepo ndiye udzandiitane." Ufa umenewo ndi womwe ndinausiya kuzungulira m'njinga yanga yoyamba makilomita 3,000.

Oilo watsopano amalowa pafupifupi lita imodzi. Ine ndimathira 20W-50, ndipo pabotolo ndimafuna ndione 4T ndi JASO MA kapena MA2, kusonyeza kuti ndi woyenera kilatchi yosambira mu oilo. Oilo wina wa galimoto amaterereka kwambiri moti kilatchi imayamba kupulumuka pamtunda. Wopimidwa m'mabotolo a zakumwa m'mbali mwa msewu musiyeni, simukudziwa chomwe chili mkatimo. Thirani osamaliza botolo, lizani injini mphindi ziwiri, dikirani pang'ono, kenako pimani njinga ili chilili, kandodo kopimirako mutangokakhazika osakapotokola. Oilo afike pa mzere wapamwamba osapitirira. Wakale uja musathire pafupi ndi chitsime kapena kudimba. Ine ndimapakira nsichi za mpanda kuti chiswe chisadye.

Tcheni chatsopano chimatamuka msanga m'masabata oyamba. Njinga ili pa sitandi, zunguzani tayala lakumbuyo mpaka mupeze pomwe tchenicho chakungika kwambiri, ndipo pamenepo chizisewera masentimita 2 mpaka 3 mukachikankha ndi chala pakatikati. Masulani nati ya ekiselo, potokolani zokokera za mbali zonse ziwiri mofanana poyang'ana timizere tomwe tili pafupi ndi ekiseloyo, kenako kungani nati. Mukakokera mbali imodzi tayala limayenda chopendama, n'kudya sipuloketi. Anyamata ambiri amakonda tcheni cholimba ngati nsambo ya gitala, koma mukakweza munthu kapena thumba mashoko amatsika, tcheni n'kukungikanso kwambiri, ndipo chomwe chimavulala ndi beling'i ya m'giyabokosi. Bola chomasukirako pang'ono. Potsuka, palafini ndi mswachi wakale, kenako oilo wa magiya wa 90 timadontho. Injini ikhale yozima! Kupaka tcheni njinga ili m'giya kwadula zala za anthu. Chikuto cha tcheni chija ena amachichotsa poti chimasokosa, ine ndinachisiya, chifukwa fumbi la mu Seputembala likasakanikirana ndi oilo limapala ngati sandipepala.

Mukasuntha tayala ndiye kuti buleki yakumbuyo yasinthanso. Chopondera chake chizitsika masentimita 2 kapena 3 isanagwire, ndipo mukazunguza tayala lisamakhule. Musadzayesere mabuleki pa Khwekhwelere potsikira ku Golomoti, yeserani pabwalo panu. Chogwirira cha kilatchi chizisewera sentimita imodzi kapena ziwiri kunsonga kwake. Makebulo atsopano amatamuka, choncho muzibwererako. Injini ikulira, khotetsani chiwongolero uku ndi uku: ikakweza mawu yokha, kebulo ya moto yapanika penapake. Mpweya wa m'matayala ine ndimaika PSI 25 kutsogolo, 28 kumbuyo, 32 ndikanyamula, ndipo ndimapimitsa ndi geji ku Dedza boma, osati kufinya ndi chala.

Fyuluta ya mpweya ikakhala yasiponji, itsukeni mu palafini, ifinyeni osaipotola, iume, muidontheze oilo pang'ono. Ikakhala yapepala ingoikuntheni, madzi ayi.

Kuzizira kwa kuno kuli ndi msampha wake. Mu Juni ndi Julayi njinga siilira popanda tchoko, ndipo munthu umanyamuka mothamanga n'kuiwala kuibweza. Ndinayenda nayo choncho mpaka pa tenofu, pomwe msewu wathu umakumana ndi M1, ndikudabwa kuti njinga yatsopano ikutsamwiranji. Nditamasula pulagi inali bii ngati kunsi kwa mphika. Pulagi yabwino imakhala yofiirira ngati tiyi wamkaka, ndipo mpata wa kukamwa kwake ndi mamilimita 0.6 mpaka 0.7. Poibwezera yambani ndi zala mpaka ikhale, sipanala ibwere pomaliza. Dziwaninso kuti Dedza ili pamwamba, kupitirira mamita 1,500, komwe mpweya ndi wopepukirako, motero pulagi imada msanga kusiyana ndi kunyanja. Komabe zimenezi zisakupatseni chilolezo chotokosa masikuluwu a kabuleta. Ine ndimangogwira imodzi yokha, yokweza kapena kutsitsa kaliridwe njinga ikaima.

Chomwe sindinachite ndekha ulendo woyamba ndi matapeti, kutanthauza kukonza kampata ka pa mavalavu a injini. Pofika makilomita 1,000 mavalavu amakhala akhazikika ndipo mpata wake wasintha. Amapimidwa injini itazizira kotheratu, pisitoni ili pamwamba penipeni, chizindikiro cha T cha pa maginito chitalunjika pa mzere wake, ndi timalata topyapyala ta fila geji. Pa injini za CG mpatawo umakhala cha m'ma 0.08 mm, zina 0.05, ndiye apa bukulo ndi lofunika zedi. Ndinakasiya njinga kwa makaniko madzulo kuti igone konko, m'mawa n'kukakhala pambali pake kuonerera. Sankhani amene ali ndi geji. Wongomvera ndi khutu amakunga mpaka phokoso lithe, inu n'kukondwa kuti injini yafatsa, pomwe valavu yopanda mpata siitseka bwino, imapsa, ndipo njinga imayamba kuvuta kulira m'mawa. Kaphokoso pang'ono ka "tiki-tiki" si matenda. Ulendo wachiwiri ndinagula geji yanga n'kupima ndekha, malume ataima kumbuyo.

Pa kayendetsedwe, makilomita 500 oyamba sindinapitirire liwiro la 50 kapena 60, sindinatsegule moto wonse, ndipo sindinanyamule thumba ngakhale limodzi. Mbatata inapita pa minibasi, anzanga pa Lizulu akundiseka kuti ndagula njinga yokongoletsa pakhonde. Musakhale pa liwiro limodzi nthawi yaitali, ngakhale pa M1 pomwe msewu ukukunyengererani: kwezani, tsitsani, sinthani magiya. Pokwera mtunda musaiumirize m'giya yaikulu mpaka kugogoda, tsitsani giya izipuma bwino. Paulendo wautali muziima pang'ono injini izizireko.

Pansi pa mpando ndimasungapo kakope m'jumbo, momwe ndimalemba tsiku, nambala ya pa mita ndi chomwe ndagwira. Tsamba loyamba pali 300 oilo, 480 tcheni ndi masipoko, 1,020 oilo ndi matapeti. Lero mita ili pa 23,400, pisitoni ikadali yomwe inabwera nayo, ndipo kakopeko kakuti Loweruka likudzali ndi la fyuluta ndi tcheni.