Momwe mungasamalire mitsempha ya magazi ndi tiyi, koko ndi maapozi

Munthu akapitirira zaka 40, mitsempha yake ya magazi imayamba kuuma pang'onopang'ono, ndipo BP imakwera mwakachetechete. Mu tiyi, koko, maapozi ndi mphesa muli timichere totchedwa ma flavanol. Timeneti timathandiza kakhungu ka m'kati mwa mtsempha kutulutsa mpweya wotchedwa nitric oxide, umene umamasula mtsemphawo kuti magazi azidutsa mosavuta. Mu 2022 bungwe la akatswiri a kadyedwe la Academy of Nutrition and Dietetics la ku America lidalangiza mamiligalamu 400 mpaka 600 a ma flavanol patsiku, ochokera m'zakudya osati m'mapilitsi.

Yambani ndi tiyi, poti ndiye wotsika mtengo ndipo ali kale m'khitchini. Thirani madzi owira pa masamba, vundikirani, dikirani mphindi zinayi kapena zisanu. Kungoviika kathumba n'kukachotsa msanga n'kumwa madzi a mtundu chabe. Makapu awiri kapena atatu patsiku ndi chiyambi chabwino. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi shuga: ambiri muno mu Lusaka timathira masipuni atatu odzaza, pambali pali vitumbuwa. Chepetsani theka la sipuni sabata iliyonse, lilime lidzazolowera. Ngati magazi anu ndi ochepa, musamwere tiyi pa nsima. Papite ola limodzi, chifukwa tiyi amalepheretsa thupi kuyamwa ayironi wa m'ndiwo zamasamba ndi nyemba.

Kenako maapozi. Mukagula ku Soweto Market atsukeni bwino, koma musasende, khungulo lili ndi timichereti tambiri.

Pa koko samalani. Zakumwa za chokoleti zosungunula m'mkaka zambiri ndi shuga yekhayekha. Funani ufa wa koko weniweni, wowawa, ndipo werengani pa paketi: ngati palembedwa kuti alkalised kapena Dutch, ma flavanol ambiri adawonongeka ku fakitale. Musaupere pamodzi ndi nthochi. Kafukufuku wa mu 2023 adapeza kuti nthochi yoperedwa m'chakumwa idachepetsa ma flavanol olowa m'magazi ndi 84 peresenti.

Pomaliza, kayezetseni BP ku kiliniki ya kwanu, ndipo ngati adakupatsani mankhwala, chonde musawasiye chifukwa cha tiyi. Pa kafukufuku wa COSMOS, wa anthu achikulire oposa 21,000 ku America, imfa za matenda a mtima zidatsika ndi 27 peresenti mwa amene ankamwa ma flavanol a koko, koma chiwerengero chonse cha odwala mtima ndi sitiroko sichidatsike mokhutiritsa.