Momwe mungachezere ku Stone Town ndi anzanu Loweruka ndi Lamlungu

Stone Town, chigawo chakale cha mzinda wa Zanzibar, ndi kamalo kakang'ono koti masiku awiri akukwanirani, bola musawathere pokangana za ndalama. Choyamba sankhani msungichuma, aliyense asonkhe, zagulu zizichoka m'thumba limodzi. Zopeza malo ogona mukuzidziwa kale. Ingoonetsetsani kuti ali m'kati mwa Stone Town momwemo, chifukwa tinjira tambiri n'topanikiza, galimoto sililowa, ndipo kulikonse mukafika wapansi.

Ngati mukudzera ku Dar es Salaam, kwerani boti lam'mawa, ulendo wa maola pafupifupi awiri. Padoko madobadoba akuthamangirani, wina kugwira chikwama, wina kunena kuti ofesi yatsekedwa koma iye ali ndi njira. Musawamvere. Tikiti gulani pawindo la kampani kapena pa intaneti. Pasipoti ikhale pafupi, amaiona pofika ngakhale mwachokera ku Tanzania komweko. Palinso inshuwalansi ya alendo yomwe boma la Zanzibar lidakhazikitsa mu Okutobala 2024, poyamba pa madola 44 munthu mmodzi. Ionenitu pa intaneti musananyamuke.

Pomwe pamafunika maso ndi pa chakudya. Dzuwa likangolowa, ku Forodhani Gardens, m'mphepete mwa nyanja, amayala matebulo n'kuyatsa nyali, ndipo fungo lake limakuchotsa nzeru. Ife tidakopeka ndi tebulo lodzaza nsomba, nkhanu ndi pweza (octopus, nyama ya m'nyanja ya miyendo isanu ndi itatu) zotungidwa pa timitengo. Mnyamata wake, wansangala kwabasi, ankangoti "onjezani iyi, lawani iyi", mbale n'kudzaza. Mtengo adautchula titapukuta kale pakamwa, ndipo msungichuma wathu adachita kukhala pansi. Kutacha, mnzathu wina sadachoke pafupi ndi chimbudzi.

Nkhani yake ndi iyi: zambiri za pa matebulo aja zimakhala zophikaphika, zayalidwa kwa maola m'dziko lotentha, ndipo pamoto amangozitenthetsa. Ndiye funsani mtengo wa kamtengo kalikonse, m'mashilingi a Tanzania, chisanafike pamoto, ndipo owerengera akhale mmodzi. Idyani chomwe akuphika inu mukuona. Zanzibar pizza ndi yotero: amapyapyatitsa ufa wokanda, kuikamo nyama yogaya, anyezi ndi dzira, n'kukazinga pachiwaya pomwepo. Urojo, msuzi wowawasira wokhala ndi mbatata ndi bhajia (timandasi ta mtundu wa nyemba), ugulidwe ukutuluka nthunzi. Madzi a nzimbe amafinya muli pomwepo, n'kuthira ndimu ndi jinja; uzani wogulitsa asaikemo ayisi. Ndipo onani pomwe afola eni dera, pamenepo ndiye pabwino.

Lamlungu lawirirani ku Mkunazini, ku tchalitchi cha Angilikani cha Christ Church, chomwe adayamba kumanga mu 1873 pamalo pomwe padali msika wa akapolo wotsekedwa chaka chomwecho. Amati guwa lake lili pomwe ankakwapulira akapolo. Muli kamtanda kosemedwa kuchokera ku mtengo wa ku Chitambo, ku Zambia, womwe patsinde pake adakwirira mtima wa David Livingstone. Apa wolondolera alendo ndi wofunika, koma gwirizanani malipiro musanayambe, ndipo dikirani mapemphero athe.

Zotsalazo zili moyandikana. Ngome Kongwe, linga lomwe Aluya a ku Oman adamanga atathamangitsa Apwitikizi, layang'anizana ndi Forodhani. Pambali pake pali House of Wonders, nyumba yachifumu ya Sultan Barghash, ya mu 1883, yomwe mbali yake ina idagwa mu Disembala 2020. Ku msika wa Darajani mukagule zokometsera ndiwo, munenerere. Valani zobisa mapewa ndi mawondo, anthu ambiri kumeneko ndi Asilamu.

Tikiti yobwerera guliranitu tsiku lofika. Masana nyanja imakonda kuwinduka, choncho amene amachita chizungulire amwe mankhwala asanakwere.