Kutsitsa migolo ya phula popanda kupweteka munthu

Akapitawo a pamsewu, mgolo wodzaza phula umalemera makilogalamu pafupifupi 200, ngati matumba anayi a chimanga. Kusiyana kwake n'kwakuti thumba likagwa limakhala pomwepo, pamene mgolo umagubuduka n'kutsata miyendo ya munthu. Phula lathu limachokera kunja kudzera m'madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo pofika kuno migolo ina imakhala itapindika m'milomo kapena itayamba kudontha. Choncho lole ikaima, musathamangire kumasula zingwe. Iime pamalo osatsetsereka ndi ouma, dalaivala akoke handibuleki, muike zopinga kumatayala, kenako muone ngati katundu sanapendekere kuchitseko. Wotsegula aime chakumbali.

Chizolowezi choponya mgolo pa matayala akale chisiyeni. Anyamata aganyu amachikonda chifukwa ntchito imatha msanga, koma mgolo ukagwera pa tayala umadumpha kulowera kumene ukufuna, ndipo chitsulo cha migolo imeneyi n'chopyapyala, sichichedwa kung'ambika. Phula lotayikira m'dothi ndi ndalama zotayika.

Ngati muli ndi forklift, galimoto yonyamulira katundu pa mafoloko achitsulo akutsogolo, imangidwe chopanira migolo. Kunyamula mgolo pansonga za mafoloko wamba ndi juga. Woyendetsa awerenge kachitsulo kolembedwa mlingo wa katundu, akumbukirenso kuti chopaniracho chili ndi kulemera kwake. Poyenda, katundu akhale pafupi ndi pansi, atapendekera kwa woyendetsa, ndipo pachitunda katundu aziloza kumtunda, ngakhale zitatanthauza kutsika chobwerera m'mbuyo. Pa kireni, makina okweza katundu m'mwamba, yang'anani tcheni ndi zokowera m'mawa uliwonse. Mgolo wopindika mlomo zokowera sizigwira bwino, umenewo ukulungeni ndi lamba wonyamulira. Wopereka zizindikiro akhale mmodzi yekha. Ndaonapo anthu anayi akukuwa nthawi imodzi, wina "kweza", wina "tsitsa", woyendetsa n'kusowa womumvera. Pansi pa mgolo wolendewera pasaime munthu, ngakhale bwana amene.

Kumene kulibe makina, ikani zitsulo ziwiri zolimba zotsetserekera, mgolo uzitsika pang'onopang'ono ndi chingwe chogwiridwa ndi anthu ali pamwamba pa lole.

Choopsa chimene ambiri sachiganizira ndi madzi. Migolo ikakhala chiimire panja m'dzinja, mvula imadikha pazivundikiro. Phula limatenthetsedwa kufika madigiri 150 kapena kupitirira, ndipo madzi akagweramo amasanduka nthunzi yochuluka kuposa ka 1,600. Phula limafufuma ngati mkaka pamoto n'kusefukira pa aliyense amene ali pafupi. Musanalowetse mgolo m'makina osungunulira, pukutani chivundikiro, muone m'kati ngati mulibe madzi. Ndi bwino kusunga migolo chogoneka kapena kuifunditsa lona. Pokankhira migolo m'makinawo, manja atalikirane ndi chitsulo chokankha, ndipo mgolo ukakanirira zimitsani kaye makina musanaukhudze.

Werenganinso zolembedwa pamgolo. Phula la MC-30, lothira poyamba pamsewu, limasakanizidwa ndi palafini, ndiye silifuna fodya, moto kapena gilayinda pafupi. Chozimitsira moto chikhale cha mankhwala ouma onga ufa. Madzi amangomwaza phula loyaka.

Lamulo la dziko la Malawi la mu 1997 la chitetezo ndi umoyo pantchito limapatsa olemba ntchito udindo woteteza antchito awo, choncho chisoti, jombo zachitsulo kutsogolo, magolovesi aatali, ovololo ndi chotchinga kumaso azigula ndi kontilakitala. Thalauza liphimbe jombo, osati kulowetsa m'kati, kuti phula lisatsikire kuphazi.

Wina akapsa, thirani madzi ozizira pabalapo kwa mphindi zosachepera 20. Musamatule phula lomwe lamata pakhungu chifukwa limachoka ndi khungu lomwe, ndipo musapake dizilo kapena palafini. Bala likangozizira, mtengereni kuchipatala phulalo lili pomwepo.