Duwa la nthochi limachokera pansi, siyani kutema chitsa

Season ino ndaona minda ingapo ya nthochi mitengo ili gone pansi, ina ikutulutsa timikoko tonyozeka, ndipo ukayang'ana patsinde umapeza mabala a khasu okhaokha. Anthu akukumba ana a nthochi ngati akukumba chinangwa, kutema paliponse bola mwana wazuka. Ndatopa nazo kunena izi.

Vuto ndi loti timaganiza kuti chobiriwira chachitali chija ndiye thunthu. Ayi ndithu, aja ndi makoko a masamba okutirana, ndiye chifukwa chake akatswiri a zomera amati pseudostem, kutanthauza thunthu lonamizira. Thunthu lenileni lili m'nthaka, chitsa chonenepa chija, iwo amati corm, ena amati rhizome, ife timangoti muzu koma si muzu. Duwa limayambira pamenepo pakati pa chitsa, kenako limakwera kudutsa mkati mwa makoko aja mpaka kukasuzumira pamwamba. Anyezi nayenso amatero, kamtengo ka duwa kopanda masamba kotuluka pansi, dzina lake scape, ndipo zomera zooneka ngati zilibe thunthu amazitcha acaulescent. Mawu ovuta eti, koma ine sindikufuna muloweze, ndikufuna mudziwe pomwe pali chuma.

Ndiye mukatema chitsa nthawi yomwe mayi akukonza duwa mwamuchotsera chakudya chomwe anasunga miyezi yonse ija, mwadulanso mizu yomwe imamugwira, ndipo mizu ya nthochi yambiri siipita pansi kwambiri. Mphepo ikangoti pang'ono basi wagwa ndi mkoko wosakhwima. Pabala paja nankafumbwe wa nthochi amakonda kuikirapo mazira, mphutsi zake n'kumaboola chitsa mkati inu osaona kanthu. Mtengo umodzi wa nthochi umabereka kamodzi kokha, mukauphonya mwadikira chaka chachabe.

Bambo ena anandiitana kuti a alangizi bwerani muone, nthochi zanga wina wazichita chipongwe. Ndinakafukula ndi manja pa tsinde limodzi, chitsa theka kulibe, chotsalacho chakuda chili ndi timauna ngati chisa cha chiswe. Kufunsa, akuti anagawira achibale ana asanu kuchokera pa phando lomwelo mayi ali pafupi kutulutsa duwa. Ndinawauza kuti achikulire, wochita chipongweyo wagona m'nyumba mwanu momwemu. Anaseka koma sizinawakomere.

Zochita mukuzidziwa kale. Siyani atatu pa phando, mayi, mwana ndi mdzukulu, ndipo sankhani ana a masamba owonda osongoka osati otambalala aja. Osafunikawo duleni ndi chikwanje pamwamba pa nthaka n'kukowola pakati pake, khasu likhale kutali. Mbewu yokabzala muzikumba pa phando lomwe mwakolola kale, mukwirire dzenjelo tsiku lomwelo, udzu wapatsinde muzizula ndi manja.