Wodwala wanu wayamba kutsegula m'mimba ali m'wodi? Kalondolondo wake pangani chonchi

Munthu amagonekedwa ndi chibayo kapena wathyoka mwendo, pakutha masiku angapo wayamba kutsegula m'mimba, ambiri timangoti ndi nyemba za kuchipatala basi. Koma nthawi zina ndi bakiteriya wotchedwa C. diff, amene amapeza mpata maantibayotiki ngati ceftriaxone, cipro kapena clindamycin akapha tizilombo tabwino ta m'matumbo. Anesi ali ndi wodi yonse, amene mumaperekeza wodwala kuchimbudzi usiku ndi inu agadiyani, ndiye kaya muli ku Malamulo, ku Mulanje Mission kapena pachipatala cha boma ku Thyolo kalondolondoyu ayambire kwa inu.

Choyamba pezani kakope ndi bolopeni. Lembani tsiku lomwe anagonekedwa ndi tsiku lomwe anayamba kutsegula. Apa mpamene pagona nkhani, chifukwa akayamba atatha masiku 3 ali m'wodi azaumoyo amawerengera kuti matendawo ayambira m'chipatala momo, sanabwere nawo kuchokera kumudzi.

Kenako muziwerenga maulendo. Chimbudzi chamadzi katatu kapena kuposa pa maola 24 ndiye kutsegula m'mimba kumene. Lembani nthawi, ngati muli magazi, ngati thupi latentha, mimba ikupota kapena yafufuma. Funsaninso anesi dzina la jakisoni ndi mapilitsi omwe akulandira, osachita manyazi, mulembe ndi tsiku lomwe anayamba.

Adokotala akamayendera odwala m'mawa aonetseni kakopeko, mufunse ngati kuyeza chimbudzi kungatheke. Ndipo mukamva kokaphika kuja kuti wa bedi yoyandikana nayenso zamuyamba, musangokambirana pamoto nkuzisiya pompo, kauzeni asisita oyang'anira wodi. Awiri atatu m'wodi imodzi si nkhani ya nyembanso ayi.

Musathamangire kugolosale kukagula loperamide, mapilitsi oletsa kutsegula m'mimba aja, pa C. diff amatha kuonjezera vuto. Maantibayotiki musamusiyitse nokha, zimenezo ndi za adokotala. Inu muzimumwetsa Thanzi ORS pafupipafupi.

M'manja sambani ndi sopo ndi madzi oyenda, sanitaiza sathana naye bakiteriya ameneyu. Beseni ndi ndowa tsukani ndi madzi a klorini.

Akamutulutsa kakopeko musataye. Akayamba kutsegula milungu 4 isanathe, makamaka ngati ndi agogo opitirira zaka 65, bwererani naye msanga ndi buku lake la kuchipatala, mukanene kuti anagonekedwa posachedwa komanso mankhwala omwe analandira.